Chardonnay wa malikisi 90 koma osakoma: yankho kwa bambo a ku Moatize

Bambo ena a ku Moatize andilembera kuti anagula vinyo woyera wa Chardonnay wa ku South Africa, pabotolo pali kachizindikiro ka malikisi 90 pa 100, koma atatsegula anangomva fungo la batala ndi matabwa, galasi osalimaliza. Akufunsa ngati malikisiwa amaperekedwa poona kuti vinyo wafanana ndi mtundu wa mphesa yake, kapena poona kuti wakomera womwayo.

Bambo, mawu akuti "kufanana ndi mphesa yake" ndi amene amandivuta ine. Mphesa ya Chardonnay payokha ilibe fungo lamphamvu. Kwawo ndi ku Burgundy, ku France, ndipo imatengera nyengo ya malo ndi dzanja la wopanga. Ku Chablis, komwe kumazizira, vinyo wake amawawasa ngati ndimu kapena apulo wosapsa, ndipo ambiri samuika n'komwe m'migolo yatsopano. Ku Meursault, m'Burgundy momwemo, amatuluka wonona. Kumalo ofunda ngati Robertson, ku South Africa, amanunkhira chinanazi ndi mapichesi akupsa, onga aja a ku Angónia. Ndiye weniweni ndi uti pamenepa?

Batala munamvayo sachokera kumunda. Vinyo akamaliza kuwira, wopanga amalola mabakiteriya kusintha asidi wakuthwa wa malic, yemwe amapezeka mu apulo, kukhala wa lactic, uja wa m'chambiko. Potero pamatuluka diacetyl, ndiye fungo la batalalo. Matabwa amachokera m'migolo ya thundu ya malita 225 kapena 228, yowauliridwa mkati ndi moto. Mgolo watsopano umapereka vanila ndi kautsi kambiri, koma ukagwira ntchito katatu kapena kanayi umazilala. Ena amatakasanso nsenga za yisiti pansi pa mgolo kuti vinyo alemere mkamwa. Opanga vinyo wotchipa amangoponya tizidutswa ta thundu m'thanki, ndipo fungolo limakhala pamwamba ngati penti, zipatso osamveka.

Za malikisi tsono. Muyeso wa 100 anautchukitsa ndi Robert Parker, katswiri wolawa vinyo wa ku America, amene anayamba kufalitsa malikisi ake mu 1978, ndipo umayambira pa 50. Vinyo amalandira 50 asanalawidwe n'komwe! Choncho 90 yo musaiyerekeze ndi mwana amene wapeza 18 pa 20 kusukulu. Buku la Platter's lounika mavinyo a ku South Africa, lomwe linayamba mu 1980, limadziwika ndi nyenyezi zisanu. Onsewa ndi malilime a anthu, si sikelo ya pamsika.

Ine ndikuti malikisi asayendere kukoma kwa munthu mmodzi, chifukwa woweruza wodana ndi thundu angamagwetse vinyo aliyense wabwino wa mumgolo. Koma asayenderenso kufanana, ndipo apa sindisunthika. Mu 1976 ku Paris akatswiri a ku France analawa mabotolo obisidwa mayina, n'kuika Chateau Montelena wa 1973, Chardonnay wa ku California, pamwamba pa mavinyo otchuka a ku Burgundy. Ngati eni mphesa anasankha mlendo, wina asatinamize kuti pali chithunzi chimodzi cha Chardonnay. Choyenera kuyezedwa n'chakuti asidi, mowa, zipatso ndi thundu zikugwirizana popanda china kupondereza chinzake, kakomedwe kakutsalira mkamwa nthawi yaitali bwanji mutameza, ndiponso vinyo alibe chilema.

Kutentha kwa kuno

Ichi mwina ndiye chinakulakwirani. Malikisi aja anaperekedwa kwa botolo losungidwa bwino, osati lomwe layenda masiku angapo palole n'kukhala pashelefu mu Tete mwezi wa Novembala, kutentha kukupyola madigiri 40. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 15 posungidwa. Wopsa ndi kutentha mumamuona ndi maso: mtundu umada kupita ku tiyi wopepuka, chotsekera chimatukuka kapena pakhosi pa botolo pamamata, fungo limakhala la zipatso zophika kapena apulo wodulidwa dzulo. Akamanunkha katoni yonyowa, vuto ndi chotsekeracho. Woteroyo musam'patse malikisi, m'bwezeni. Ndipo musagule Chardonnay wotchipa wa zaka zopyola zitatu, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti vinyo amakoma akakalamba.

Kumwa vinyo ali wofunda kumaonjezeranso batala ndi ukali wa mowa, makamaka wa 14 peresenti. Tsabola wa piripiri naye amalimbana ndi thundu, mkamwa mumangotsala kuwawa.

Chitani chonchi: gulani mabotolo awiri a chaka chimodzi, lina lolembedwa kuti unwooded (lopanda thundu), lina la mumgolo. Aikeni mufiriji maola awiri, muwatulutse mphindi 10 musanathire kuti afike madigiri 10 mpaka 13. Thirani gawo limodzi mwa atatu a galasi, zunguzani, nunkhizani, kenako sungani mkamwa masekondi asanu. Lembani manambala awiri pa 20, ina ya kapangidwe, ina ya mmene wakukomerani. Wopanda thundu muyese ndi pende wootcha wa ku Cahora Bassa wofinyira ndimu, wa mumgolo ndi nkhuku yotendera.