Mmene mungawerengere mphete za ma gull padoko la Peterhead

Achemwali, mwati mwasamukira ku Peterhead, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, ndipo padoko mwaona gull, mbalame ya kunyanja, itavala mphete yachikasu pamwendo. Mwafunsa kuti mpheteyo ndi yachiyani komanso mungaiwerenge bwanji. Mwakhala pamalo abwino kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa Peterhead ndi limodzi mwa madoko aakulu a nsomba ku Britain, ndipo mbalamezi sizichoka pamene pali zotsalira za nsomba.

Mbalame yotere kawirikawiri imakhala ndi mphete ziwiri. Yachitsulo ndi yaing'ono, manambala ake sawerengeka patali, ndipo ku Britain imachokera ku bungwe lofufuza za mbalame la British Trust for Ornithology. Yapulasitiki ija ndi imene anaiikira anthu ngati inu, kuti mbalame izindikirike popanda kuigwiranso. Imakhala ndi zilembo ndi manambala osowa kufanana ndi a mbalame ina iliyonse, ndipo zolembedwazo zimabwerezedwa kuzungulira mphete yonse. Zachikasu zoyamba ndi T kenako madontho awiri (T:) ndi za gulu loveka mbalame mphete la Grampian Ringing Group, la dera lanu lomwelo. Mukaona yoyamba ndi J, dziwani kuti mbalameyo anaiveka ku Norway, yaoloka nyanja ya North Sea.

Pitani nthawi imene madzi a m'nyanja adzaza, chifukwa amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse. Akaphwa, mbalame zimabalalika m'matope ndi m'miyala, miyendo yonse n'kubisika. Akadzaza zimasonkhana pamadenga a nyumba zosungira nsomba, pazipupa zotchinga mafunde ndi pasimenti poyera, pamene mwendo umaoneka wonse. M'mawa ndi bwino koposa, pamene nsomba zikutsitsidwa komanso mpweya usanayambe kunyezimira chifukwa cha kutentha. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Ma gull akaima amayang'ana kumene kukuchokera mphepo, choncho muime cham'mbali mwawo kuti mwendo wina usatchinge unzake. Ngati muli ndi galimoto, khalani momwemo mutatsitsa galasi, chifukwa galimoto saiopa ngati mmene amaopera munthu woyenda. Doko ndi malo antchito, pali magalimoto onyamula katundu ndi malo oletsedwa, ndiye musadutse pamene alendo amalekezera.

Ma binoculars (magalasi oonera patali) okuza ka 8 kapena ka 10 amakwanira pa mbalame imene ili pafupi, mamita makumi angapo basi. Kupitirira apo pamafunika telesikopu yokuza ka 20 mpaka ka 60, yokhazikika pa choimikira cha miyendo itatu. Musathamangire ka 60: chithunzi chimada ndipo chimagwedezeka ndi mphepo. Fufuzani gulu lonse pa ka 20, mukuyang'ana miyendo osati mitu, kuyambira kumapeto kuno mpaka uko, kenako mubwerezenso. Mbalame zogona pansi zimadzuka, zoima ndi mwendo umodzi zimasintha, ndipo mphete imatulukira pamene poyamba panalibe kanthu. Mukaipeza, apo ndiye muonjezere kukuza.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kuwerenga kwenikweniko, ndipo apa ndikupemphani mufatse. Mphete zambiri zimawerengedwa kuchokera pansi kupita m'mwamba, koma osati zonse, ndiye lembani mbali imene mwayambira. Zilembo zina zimanamiza maso: 8 ndi B, 5 ndi S, 2 ndi Z, 0 ndi D, U ndi V. Dontho kapena madontho awiri pakati pa zilembo ndi mbali ya nambalayo, musawasiye. Mphete imazungulira pamwendo, moti mwina mukuona mbali chabe ya zilembozo. Dikirani mbalame iyende pang'ono, muwerengenso kawiri kapena katatu. Chilembo chimene simunachione bwino, ikani chizindikiro cha funso. Osalota. Nambala yongopeka imaika mbalame ya ku Norway pamalo pamene sinafikepo, ndipo cholakwikacho chimakhala m'mabuku a kafukufuku zaka zambiri. Wosunga mabukuwo akhoza kupeza mbalame yake ndi zilembo zitatu zoona, koma zinayi zokhala ndi bodza limodzi zimamusocheretsa.

Mtundu wa mphete nawonso umapusitsa. Yofiira ikakalamba imasuluka n'kuoneka ngati yaolenji kapena yapinki, yoyera imathimbirira n'kuoneka yachikasu, yobiriwira kwambiri kapena yabuluu wakuda imaoneka yakuda kukakhala mitambo. Lembani mtundu wa mphete ndi mtundu wa zilembo padera. Jambulani zithunzi zambiri motsatizana, ngakhale ndi foni yogunditsa pagalasi la telesikopu, koma lembanibe m'kope nthawi yomweyo zimene maso aona.

Lembaninso mwendo umene uli ndi mphete, wamanja kapena wamanzere wa mbalameyo, osati wanu pamene mwayang'anizana nayo, komanso ngati mphete ili pansi kapena pamwamba pa mfundo ya pakati pa mwendo. Onjezani tsiku, nthawi, malo enieni ndi mtundu wa gull. Herring gull ili ndi msana wotuwa ndi miyendo yapinki. Lesser black-backed gull ili ndi msana wakuderako ndi miyendo yachikasu, ndipo zambiri zimapita ku Spain, Portugal ndi Morocco nthawi yozizira. Great black-backed gull ndi yaikulu kuposa zonse, msana wakuda bii. Zabulawuni zamawangamawanga ndi ana, chifukwa ma gull aakuluwa amatenga zaka 4 kuti nthenga zifike pa uchikulire. Ngati mtundu wa gull wakuvutani, tumizani chithunzi, mphete yokha idzaulula.

Potumiza, lowani pa tsamba la pa intaneti la cr-birding.org, sankhani mtundu wa mbalame, mtundu wa mphete ndi chilembo choyamba, ndipo mupeza amene amayang'anira mphete zimenezo. Njira ina ndi ring.ac, imene imalandira za mphete zachitsulo ndi zapulasitiki zomwe. Kawirikawiri amakutumizirani mbiri ya mbalameyo: kumene anaiveka, chaka chake, ndi malo onse amene inaonekapo. Ambiri mwa anthuwa ndi ongodzipereka, yankho likachedwa musatope. Mbalame yomweyo mukaionanso mwezi wamawa, tumizaninso. Zimenezi zimathandiza kudziwa kuti ikadali moyo komanso imakhala kuti, ndipo n'zofunika chifukwa herring gull yakhala pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zikuchepa ku Britain kuyambira 2009.

Mukapeza gull yakufa kapena yodwala, musaigwire ndi manja chifukwa cha chimfine cha mbalame chimene chapha mbalame za kunyanja zambiri ku Scotland kuyambira 2021. Jambulani mpheteyo muli chapatali, tumizani nambala monga mwa nthawi zonse mutanena kuti mbalameyo yafa, ndipo mudziwitse a Defra, nthambi ya boma la Britain yoona za chilengedwe ndi ulimi, kudzera pa tsamba lawo la pa intaneti.