Musatsuke makobiri a agogo: tanthauzo la VF, AU ndi MS-63

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo anapeza kachitini ka ndalama zakale. Muli makobiri a bowo pakati olembedwa Rhodesia and Nyasaland, ndi ndalama imodzi ya 1964 ya nkhope ya Kamuzu, kuseri kwake kuli njovu ziwiri. Pa eBay, msika wa pa intaneti, aona zofanana nazo pa mitengo yosiyana kwambiri, zili ndi zilembo monga VF, AU ndi MS-63 RB. Akufunsa tanthauzo la zilembozi, komanso ngati angazikweche ndi phulusa ndi ndimu kuti ziwale asanazijambule.

Amayi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa landidetsa nkhawa. Chonde musatsuke. Ndalama si poto. Poipanga, chidindo chimakanikiza chitsulo mwamphamvu kwambiri moti chitsulocho chimayenda n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereti ndi timene timachititsa kuti ndalama yatsopano, mukaipendeketsa pa nyale, kuwala kwake kuzizungulira ngati gudumu la njinga. Osonkhanitsa ndalama amakutchula luster. Mukangokwecha kamodzi kwapita, ndipo sikubwereranso. M'malo mwake pamatsala zokandika zimene munthu wodziwa amaziona msanga. Makampani oyeza ndalama akalandira yotsukidwa saipatsa n'komwe nambala. Amangolemba kuti Details, Cleaned, mtengo n'kutsika. Kuda kwa ndalama kumene inu mukuti ndi litsiro, osonkhanitsa ndalama amati toning, ndipo ambiri amakukonda.

Tsopano zilembo zija. VF, AU ndi MS zimanena chinthu chimodzi: ndalamayo yaperepeseka bwanji poyenda m'manja mwa anthu. Manambala anachokera kwa William Sheldon wa ku America, amene mu 1949 anakonza muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70 poyeza ma cent akale a kwawo. Maganizo ake anali akuti ndalama ya 70 izigulidwa kuchulukitsa ka 70 mtengo wa yotheratu ya 1. Masamu amenewo anasiya kugwira ntchito kalekale, koma manambala anatsala, ndipo ndi amene amagwiritsa ntchito makampani oyeza ndalama monga PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC ya mu 1987. Makampaniwa amatsekera ndalama m'kapulasitiki kolimba kotchedwa slab, giredi yake n'kuilemba pamwamba.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mayinawa amakoma kuposa ndalama yeniyeniyo. Good, pa 4 kapena 6, ndi ndalama yofufutika kwambiri, yongowerengeka chaka ndi zilembo zikuluzikulu. Fine (F) ili pa 12 ndi 15. VF (Very Fine), kuyambira 20 mpaka 35, ndi imene inayenda ndithu m'misika koma zojambula zake zambiri zikuonekabe. EF kapena XF (Extremely Fine) ndi 40 ndi 45. AU (About Uncirculated), 50 mpaka 58, yangokhudzidwa pang'ono pamalo otukuka kwambiri. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi MS (Mint State), kutanthauza kuti sinagulepo ngakhale mchere. Ikhoza kukhala ndi timabala togundana ndi zinzake m'thumba la ku banki, koma osati kuperepeseka. Ogulitsa a ku Britain nthawi zambiri salemba manambala, amangoti F, VF, EF kapena UNC (Uncirculated, yosayendapo m'manja), ndipo EF yawo imakhala yokhwimirapo kuposa ya ku America.

RB ija ikukhudza makobiri anu a bowo, chifukwa ndi a mtundu wa mkuwa. RD (Red) ndi lofiirabe ngati latsopano, BN (Brown) ndi lodera, RB (Red-Brown) lili pakati. Mukaona Proof, imeneyo si giredi ayi. Ndi kapangidwe kapadera, ka zidindo zopukutidwa bwino, kopangira osunga osati ogulira zinthu.

Kuti muyeze zanu, khalani pafupi ndi nyale imodzi, gwirani ndalama m'mphepete, muyang'ane malo otukuka: khutu ndi tsaya la Kamuzu, makutu ndi mapewa a njovu. Ngati pasalala, si MS, ngakhale iwale chotani.

Ndikuuzeni zoona, amayi. Makobiri a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland anapangidwa ochuluka, ndipo amene anadutsa pa mfundo ya chitenje cha agogo nthawi zambiri amakhala F kapena VF. Kuwatumiza kunja kuti akayezedwe kungakudyereni ndalama zoposa mtengo wawo, choncho ine sindingakulimbikitseni. Koma atulutseni m'chitinimo kuti asamakhulane. Lililonse muliike m'kaenvulopu kake ka pepala, osati m'pulasitiki yofewa ya PVC imene imasiya zobiriwira pa chitsulo, ndipo muwasunge pouma, makamaka nyengo ya dzinja ku Zombako. Mukawajambula mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa masana, nditumizireni zithunzi tione chaka chilichonse pachokha.