Ntchito ya X-ray: kodi imaletsa kubereka, nanga ili ndi tsogolo?

Mtsikana wina wa ku Area 25 watilembera imelo motere: "Ndalemba MSCE ndipo mtima wanga uli pa ntchito yojambula odwala kuchipatala. Koma azakhali anga akuti ogwira ntchito ku X-ray sabereka, ena akuti munthu umangokalambira pa makina amodzi osakwera. Kodi nzoona, nanga ndiyambire pati?"

Achemwali, choyamba dziwani kuti ku dipatimenti imeneyi kuli ntchito ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Radiographer ndi amene amakhazika wodwala, kutchera makina nkujambula. Radiologist ndi dotolo wowerenga zithunzizo ndi kulemba lipoti. Kuti mukhale radiographer, dipuloma yake imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences mu Lilongwe momwemuno. Njira ya radiologist njaitali: digiri ya udotolo ku Kamuzu University of Health Sciences, internship (nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa), kenako zaka ngati 4 za ukatswiri, zonse pamodzi kupitirira zaka 10. Onse awiri amalembetsa ku Medical Council of Malawi asanakhudze wodwala. Physics, biology ndi masamu ndiwo maziko, ndipo physics imene mwina munkaiona ngati yongolembera mayeso mudzaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Tsopano nkhani ya azakhali. Mantha awo tisawaseke, chifukwa cheza cha X-ray chikachuluka chimawonongadi thupi. Koma mlingo ndiwo nkhani. Cheza timachiyeza mu millisievert, mwachidule mSv. Munthu aliyense padziko amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, m'mpweya ndi kumwamba, ngakhale asanapondepo kuchipatala. Malire a wogwira ntchito ndi 20 mSv pachaka, powerengera pa zaka 5, ndipo radiographer amene amaima kuseri kwa khoma lotchinga pojambula amakhala kutali kwambiri ndi malirewo. Kuti mazira a mayi aferetu pamafunika kupitirira 2,000 mSv nthawi imodzi. Mukadzakhala ndi pakati, mudzauze mkulu wa dipatimenti msanga, osadikira kuti mimba ioneke, chifukwa mwana wosabadwa sayenera kupitirira 1 mSv, ndipo adzakuchotsani kaye ku thiyeta ndi ku makina oyenda nawo m'mawodi.

Malo awiri amenewo, ndi chizolowezi chogwirizira mwana pojambula, ndimo cheza chimapezera anthu. Mwana akamalira ndi kuphiriphitha, mtima umafuna kuti mungomugwira nokha zithe. Musatero. Wosamalira mwanayo, bola asakhale woyembekezera, avale apuloni ya mtovu amugwire, chifukwa iye achita kamodzi, inu mudzachita kambirimbiri pachaka. Kuwodi imani mamita 2 kapena kuposa; mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimatsika kanayi. Baji yoyezera cheza ivalidwe pachifuwa, mkati mwa apuloni, ndipo muzifunsa zotsatira zake. Apuloniyo musaipinde ngati chitenje. Ikapindidwa imang'aluka mkati mosaoneka ndi maso, nchifukwa chake imakolekedwa pa hang'ala ndipo kamodzi pachaka imajambulidwa kuti ming'alu ioneke.

Kunena zoona, chimene chimatopetsa anthu pantchitoyi si cheza ayi. Ndi msana, phewa, tulo ndi TB. Wodwala wothyoka ntchafu musamunyamule nokha ngakhale mzere utafika panja. Itanani anzanu, mumusunthe ndi nsalu kapena thabwa lotsetserekera. Pa sikani ya ultrasound, younika m'thupi ndi mafunde a phokoso, bweretsani wodwala kumphepete kwa bedi pafupi nanu kuti chigongono chisatalikire nthiti zanu, ndipo probe, kachipangizo kounikira kamene mumagwira m'manja, musaifinye ngati mpini wa khasu. Ambiri amayamba kumva dzanzi m'dzanja patapita zaka zochepa chifukwa cha zimenezi. Za TB, kumbukirani kuti anthu otsokomola amene akuwaganizira matendawa amadutsa m'chipinda chanu, ndipo inu mumawauza kuti akoke mpweya kwambiri muli pafupi nawo. Valani masiki yosefa mpweya ya N95, wodwalayo avale masiki, mpweya uzidutsa m'chipindamo.

Luso limaonekera pa chithunzi cha pachifuwa, chimene mudzajambula kuposa china chilichonse. Wodwala aime chifuwa chitagunda bolodi, chubu chotulutsa cheza chikhale masentimita 180 kumbuyo kwake, mapewa akankhidwire kutsogolo kuti mafupa ake achoke pa mapapo. Mtunda ukafupika, mtima umaoneka waukulu kuposa mmene ulili, dotolo nkuyamba kufunafuna matenda amene kulibe. Akapanda kukoka mpweya mokwanira, mapapo amaoneka oyera kumunsi ngati chibayo. Werengani nthiti zakumbuyo, zioneke 9 kapena 10. Mufotokozereni m'chilankhulo chake, muyeserere naye kamodzi musanadine batani. Agogo ochokera kumudzi sasowa nzeru, amasowa wowauza bwino. Chizindikiro cha L (kumanzere) kapena R (kumanja) chiikidwe musanajambule, osati kuchilemba pa kompyuta pambuyo, poti apo ndi pamene mbali zimasinthana. Makina a digito alinso ndi msampha wake: mukapyoza mlingo chithunzi chimatulukabe chokongola, choncho muziyang'ana nambala ya exposure index, yosonyeza kuchuluka kwa cheza chimene chafika pa chithunzi, apo ayi mudzazolowera kupatsa odwala cheza chochuluka osadziwa.

Za kukalambira pa makina amodzi, zimachitika kwa amene wadikira kuti wina amukumbukire. Zaka ziwiri zoyamba khazikikani pa X-ray wamba, kenako sankhani mbali imodzi muizame. Ife timalimbikitsa ultrasound poyamba, chifukwa ilibe cheza, imafunika m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni momwe, makamaka kwa amayi oyembekezera, ndipo wounikayo amayenera kuganiza yekha pamene akuunika. CT, sikani ya X-ray yoyendetsedwa ndi kompyuta, imafuna kudziwa thupi m'magawomagawo ndi mankhwala a contrast oonetsa bwino ziwalo pa chithunzi, amene musanabaye mumafunsa za impso ndi ngati munthu anadanapo nawo. Ku MRI, sikani yojambula ndi maginito amphamvu, maginitowo sazima ngakhale usiku, ndipo silinda ya okosijeni yachitsulo ikalowa m'chipindamo imauluka. Kulinso radiotherapy, kuchiza khansa ndi cheza, poti National Cancer Centre ili pa Kamuzu Central Hospital pompano, komanso ntchito yoyang'anira chitetezo cha anthu ku cheza, imene bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority limaona potsatira lamulo la 2011. Sungani kabuku kolembamo mitundu ya zimene mwajambula ndi kuchuluka kwake, popanda maina a odwala. Pofunsira sukulu kapena ntchito kamakuyankhulirani.

Makinawo muwasamale ngati anu, chifukwa akafa zipangizo zake zimachokera kunja ndipo mutha kukhala miyezi manja ali lende. Tenthetsani chubu m'mawa musanayambe zithunzi zolemera, tsekani mawindo a chipinda cha CT nyengo ya fumbi, ndipo choziziritsa mpweya kapena UPS, batire yosungira magetsi, ikayamba kuvuta lembani lipoti tsiku lomwelo.

Musanatumize fomu, pemphani chilolezo ku chipatala chapafupi kuti mukaone dipatimenti ya X-ray tsiku limodzi, makamaka Lolemba m'mawa pamene anthu amachuluka. Azakhaliwo muwaonetse manambala ali pamwambawa.