Jenereta kapena sola? Yambani ndi madzi

Amayi, mwafunsa ngati gulu lanu loweta nkhuku ku Chawama mu Lusaka ligule jenereta kapena sola ndi ndalama zimene mwasonkherana. Ine ndikuti yambani mwaganizira za madzi.

Mu 2024 mvula itadula, a Pulezidenti Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba anatsika mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa malaiti maola 21 pa tsiku. Amene pampu yawo inkadalira magetsi, malaiti akapita madzinso ankapita nawo. Ndipo mukuzidziwa nkhuku zanyama zikanenepa: dzuwa la October likaswa mtengo zimangoyasamula kukamwa, mapiko lendee, kupuma mwawefuwefu. Zikasowa madzi masana amodzi okha, madzulo mukutola zakufa, pamene kwatsala sabata kuti mugulitse.

Choncho gulani pampu ya sola ndi thanki yaikulu yoika pamwamba, yoti isunge madzi a masiku awiri kapena atatu. Jenereta ayi. Imafuna mafuta tsiku ndi tsiku, phindu lonse limathera m'chigubu. Anapiye mungawafunditse ndi mbaula monga mwa kale, bola mpweya uzilowa m'kholamo. Ngati chitsime chanu ndi chobooledwa ndi makina, onetsetsani kuti chinalembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi.

Koma ku Chawama komweko January akafika madzi amadzaza m'makomboni, ndiye musaiwale mbali imeneyo. Kwezani pansi pa khola, matumba a chakudya muwasanjike pamatabwa, ngalande mukonzeretu mvula isanagwe. Buku la gulu muzilijambula pafoni mwezi uliwonse, chifukwa likanyowa mkangano wa ngongole sutha. Madzi akumwa muzithira klorini. Mu 2024 bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka chipatala cha kolera.

Chinanso, patulani kandalama pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa, kakhale m'thumba lapadera losabwereketsa aliyense, ngakhale apampando. Chimanga chikakanika chakudya cha nkhuku chimakwera mtengo msanga, ndipo ndalama imeneyi ndiyo idzakupulumutseni. Musankhenso munthu mmodzi woti azitsatira zimene a zanyengo amalengeza mvula isanayambe, kuti mudziwe ngati muitanitse anapiye ambiri kapena ochepa.

Wodzaika sola asalandire ndalama yonse mpaka mutaona madzi akukwera m'thanki.