Jazz ikumveka ngati phokoso pabalaza panu? Yambirani kwa woimba besi

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti ali ndi nyimbo zambirimbiri, reggae, rumba, gospel, country, ndiye malume awo atamwalira anawasiyira katoni yodzadza ndi jazz, ma CD ndi zimbale zakale zakuda zija. Akaika CD pa laputopu amangomva ngati aliyense akuimba zake, wa lipenga uko wa piyano uku, mpaka mayi akunyumba amabwera kudzatsitsa voliyumu. Funso lawo ndi loti kodi jazz imeneyi anthu amaimva bwanji, kapena angoipereka kwa ena?

Achimwene, pepani ndi imfa ya malume. Koma katoniyo musapereke kaye chonde.

Vuto loyamba ndi laputopuyo. Besi ya jazz ndi chija chachikulu choimika pansi, chotalika ngati munthu, ndipo chingwe chake chonenepa chimalira pansi kwambiri, cha m'ma 41 Hz, kumene tisipika ta laputopu kapena foni sitifikako olo pang'ono. Ndiye inu mukumva lipenga ndi timbale ta ng'oma basi, mzati wa nyumba palibe, mwangotsala ndi denga. Pezani masipika awiri abwinoko, olo mahedifoni, muona kusintha tsiku lomwelo.

Tsopano mmene nyimboyo imayendera, apa ndi pamene ambiri amasochera. Poyamba onse amaimba mutu wa nyimbo, katchuni koti mutha kukaimba mluzu. Nthawi zambiri kamatalika ngati mwawerenga 1, 2, 3, 4 maulendo 32, ikakhala blues maulendo 12. Akamaliza sapita kwina ayi, amabwerera poyambira pomwe paja, makodi ake omwewo (makodi ndi magulu a mawu olira limodzi amene nyimbo imayendapo), kungoti pano mmodzi amatsogola n'kumapeka zake pompopompo pamwamba pa makodiwo, akatha amasiyira mnzake, mnzakeyo winanso, kumapeto onse n'kubwerera ku mutu uja. Ndiye chimene mukuti chisokonezocho ndi anthu akuzungulira bwalo limodzi, aliyense ndi kayendedwe kake.

Yesani chonchi. Musalabadire kaye wa lipenga. Tcherani khutu kwa wa besi, mumumva akuyenda ngati munthu pamsewu, dum dum dum dum, osapuma. Kenako mverani timbale tiwiri tachitsulo timene wa ng'oma amaponda ndi phazi, timati tchi pa 2 ndi pa 4. Mukawagwira awiriwa yambani kung'ung'udza mutu uja chamumtima wina akupeka zakezo, ndipo mudabwa kuti mukufika kumapeto limodzi naye. Ine tsiku limene izi zinandichitikira koyamba ndinaimirira pampando, ndinaibwereza nyimboyo kanayi usiku womwewo, tsitsi likuchita kuima.

Ngati m'katonimo muli chimbale cha Kind of Blue cha woimba lipenga Miles Davis, cha 1959, yambirani pamenepo. Nyimbo yoyamba mutu wake amauimba ndi wa besi, Paul Chambers, anzakewo n'kumangomuvomera ndi mawu awiri okha, wotsogolera ndi ovomera, ndiye khutu lanu limapita lokha kwa besi osavutika. Pambuyo pake mumve kusiyana kwa Miles, amene amaimba pang'ono n'kusiya mipata, ndi John Coltrane amene akalowa ndi sakisofoni amachita kukhuthula ngati mvula. Makodi omwewo, anthu awiri osiyaniranatu.

China, shuffle, kuja kosiya makina azisakaniza okha nyimbo, musiyeni pa jazz. Kale zimbale zotchedwa 78 zinkangonyamula mphindi zitatu mbali imodzi, koma kampani ya Columbia itatulutsa zimbale zamtundu wina zotchedwa LP mu 1948 mbali imodzi inayamba kufika mphindi 20 n'kupitirira, ndiye oimba anapeza malo otambasula, chimbale n'kukhala chinthu chokhala nacho pansi mpaka chithe. Komanso zojambula zakalezi zili ndi malo ofatsa ndi malo okwera, pomwe nyimbo zambiri zamasiku ano zimakhala pamwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye mukazisakaniza mumangokhalira kukweza ndi kutsitsa, mwinatu ndi chimene chimawatopetsa mayiwo.

Nyimbo zanu zinazo musazione ngati adani a jazz, ndi abale enieni. Mumakonda reggae eti? Reggae inachokera ku ska, nyimbo zakale za ku Jamaica, ndipo gulu la ska la Skatalites la ku Kingston, limene linayamba mu 1964, munali anthu ojaira jazz ngati Tommy McCook ndi Don Drummond. Mverani malipenga awo kenako muike jazz, mumva chibalecho. Country nayo, Louis Armstrong analiza lipenga mu nyimbo ya Jimmie Rodgers mu 1930. Gospel ndiye osanena, mukamva Jimmy Smith pa ogani ya Hammond muona ngati muli m'tchalitchi. Rumba yokha ndikuchenjezeni, gulu la Franco la OK Jazz la 1956 lili ndi jazz m'dzina koma zoimba zake ndi rumba, ngakhale ng'oma za ku Cuba zinalowadi mu jazz pamene wa lipenga Dizzy Gillespie anatenga woimba ng'oma wa ku Cuba Chano Pozo m'gulu lake mu 1947. Ine madzulo ndimakonda kuyamba ndi chimene ndachizolowera n'kutsetserekera ku jazz pang'onopang'ono, khutu limakhala litatseguka kale.

Masipika aja muwaike motalikirana, inu mukhale pakati kutsogolo kwake ngati mafuwa atatu, akhale molingana ndi makutu anu mutakhala pansi, ndipo asagunde khoma chifukwa besi imachita phokoso losamveka bwino. Zimbale zambiri za stereo zoyambirira anaika wina kumanzere wina kumanja, ndiye mukakhala bwino mumachita kuloza kuti wa piyano ali apa, wa ng'oma apo. Ndipo mudziwe kuti zimbale zambiri za kampani ya jazz ya Blue Note za m'ma 1950 katswiri wojambula nyimbo Rudy Van Gelder anazijambulira pabalaza pa makolo ake ku Hackensack, New Jersey, asanasamukire ku situdiyo yake mu 1959. Nyimbo zimenezi pabalaza ndi kwawo, sizifuna kuti mukweze mpaka mawindo kunjenjemera.

Za mayi, musawaphunzitse ngati ali m'kalasi. Ikani yoimba ndi mawu, ngati chimbale cha Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong cha 1956, motsitsa, mukucheza zina. Kapena cha woimba piyano Bill Evans ku kalabu ya Village Vanguard ku New York, chojambulidwa pa 25 June 1961, mumamva matambula akugundana ndi anthu akulankhula chapansipansi, ndipo wa besi wake Scott LaFaro anamwalira pangozi ya galimoto patangopita masiku 11, ndiye ine ndikamamvera zala zake pamenepo mtima umandiwawa nthawi zonse.

Zimbale zakudazo muziimike chilili ngati mabuku, osazisanjikiza, kutali ndi dzuwa chifukwa zimapindika, ndipo muzigwira m'mphepete mokha. Mukapeza mpata mundilembere mayina amene ali pa zikutozo, makamaka zimene zaperepeseka m'makona, zimenezo ndi zimene malume ankazibwereza kwambiri ndipo ndikufuna tiyambire pa zomwezo.