Za kudutsa thiraki m'chifunga cha ku Dedza

Eee, moni nonse pagulu pano. Mphwanga, funso lako ndaliona, ndati ndingojambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Achemwali, nanunso mumvetsere, popeza mawa mukhala m'galimoto momwemo.

Wati mukunyamuka ku Lilongwe 4 koloko m'mamawa kuti mukafike ku chinkhoswe ku Ntcheu nthawi yabwino. Ndiye ukufunsa kuti ukapeza thiraki ikukwawa m'chifunga, dalaivala wake n'kukuyatsira indiketa ya kumanzere kuti udutse, kodi udutse? Ayi mphwanga, usadutse. Ndikuuze chifukwa chake kuti usaone ngati malume akungokuopseza.

Uno ndi Julaye. Msewu wa M1 ukangodutsa pa Linthipe umayamba kukwera, ndipo kuyambira pa Dedza, Bembeke mpaka Lizulu ndi kumtunda, kozizira. M'mawa chifunga chimagona pamsewu penipeni. Malo ena umaona bwinobwino, ukangokhota kamodzi basi kwayera mbuu, nyali za amene ali patsogolo pako zikungooneka ngati makala awiri. Pamenepo maso ako akufika mwina mamita 50, nthawi zina osakwana n'komwe.

Tsono tiwerengere limodzi. Tinene kuti thirakiyo ikuyenda 60, iwe wafika 80. Kusiyana kwanu ndi 20 yokha. Thiraki yokoka ngolo imatalika pafupifupi mamita 20, ndiye uwonjezere mpata wa kumbuyo kwake pomwe watulukira ndi mpata wa kutsogolo pomwe ukalowere. Zonsezo zikutengera masekondi 10 uli mbali ya eni ake. Pa 80, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi 10 ndi mamita 220. Amene akuchokera ku Blantyre naye ali pa 80, nayenso akudya mamita 220 kubwera kwa iwe. Ukaphatikiza ndi 440, kuposa mabwalo a mpira anayi kuwandandalika. Umenewo ndiye msewu umene uyenera kuuona ndi maso ako kuti ndi woyera usanakhotetse chiwongolero. Iwe ukuona mamita 50. Wamva pamenepo? Ndipo galimoto ziwirizo zikamathamangirana chonchi, mamita 50 amatha pa sekondi imodzi yokha, phazi lisanafike n'komwe pa buleki.

Tsopano za indiketa ija. Inde, madalaivala a mathiraki amathandiza, ambiri ndi anthu abwino. Akayatsa ya kumanja ndiye kuti dikira, kukubwera galimoto. Akayatsa ya kumanzere ndiye kuti dutsa. Masana kuli ngwee zimagwira ntchito, chifukwa iye wakhala pamwamba, akuona patali kuposa iwe. Koma chifunga chimamutseka maso iyenso. Iye akungoona kuti palibe nyali zikubwera, basi. Nanga amene akubwera osayatsa nyali? Nanga wa njinga atasenza matumba a makala kapena mbatata akuthamangira msika wa pa Lizulu, opanda ngakhale chonyezimira kumbuyo? Ngolo ya ng'ombe ilibe nyali. Komanso mwina munthuyo sakulankhula ndi iwe n'komwe, akufuna kukhota kapena kuima. Chizindikiro chimenechi n'chongogwirizana madalaivala okha, m'malamulo mulibe. Zikavuta, apolisi adzafunsa iwe kuti unkafuna chiyani mbali ya kumanja.

Lamulo lenileni unaliphunzira pokatenga laisensi. Sudutsa galimoto pokhota, sudutsa pamwamba pa chitunda, sudutsa pomwe pali mzere woyera wosadukiza, ndipo sudutsa paliponse pomwe sukuona bwino kutsogolo. Mawu omalizawa ndi amene anthu amaiwala. Amaona mzere wodukizadukiza n'kumati aa, pano m'pololedwa. Mzere uja anaujambula poganizira tsiku lowala. Chifunga chikagwa, msewu wonse uziutenga ngati uli ndi mzere wosadukiza.

Ine zinandionekera ndi maso anga kumpoto, ku Chikangawa, ndikupita ku Mzuzu. Ndinali kumbuyo kwa lole ya matabwa, chifunga chili tho. Kagalimoto kena kanatopa kudikira, kanatidutsa tonse awiri nthawi imodzi. Sitinayende mtunda, tinakapeza kali m'ngalande. Mbali inayo kunali thiraki yowonongeka itaima, eni ake atangoika nthambi pamsewu monga amachitira. Nthambizo m'chifunga umaziona utaziponda kale. Mulungu anachitira chifundo, anthu anatuluka amoyo, koma mayi wina amene anali kutsogolo anavulala kwambiri. Ndinathandiza nawo kumunyamula, ndipo mpaka lero ndikafika pamalo paja mtima umandigunda. N'chifukwa chake funso lakoli sindinalitenge mopepuka.

Ndiye uchite chonchi. Khala kumbuyo kwa thirakiyo, koma usaimamatire. Siya mpata woti ikaima mwadzidzidzi nawenso uime bwinobwino, poti msewu wa m'mawa umakhala wonyowa ndipo matayala sagwira msanga. Nyali ziike pa dimu. Anthu ambiri amathamangira fulu poganiza kuti aona patali, koma kuwalako kumagunda chifunga n'kubwerera m'maso mwako, umangoona khoma loyera. Ngati galimoto yako ili ndi nyali za chifunga zija za m'munsi, yatsa. Galasi la kutsogolo limachita nthunzi m'kati chifukwa cha mpweya wa anthu, ndiye tsegulira mphepo ya pagalasi, wayipa nayo izigwira ntchito. Wailesi tsitsa, windo tsegula pang'ono, nthawi zina khutu limamva injini diso lisanaone kanthu. Mahazadi usayende nawo chiyatsire, chifukwa wa kumbuyo sadziwa ngati waima kapena ukuyenda, ndipo ukafuna kukhota indiketa sioneka. Uwayatse ukaima, ndipo poima utulukiretu mumsewu.

Pali china chimene chidzakuvute kwambiri kuposa chifungacho. Kumbuyo kwako kudzabwera minibasi, idzakuwalitsira nyali, idzaimba hutala, mwinanso idzakudutsa n'kupita bwinobwino. Pamenepo mtima umati nanga ine ndikudikira chiyani. Usaitsatire. Iyo ikamalowa kutsogolo kwa thiraki, iwe ukhala udakali pakati, ndipo chimene chikubwera chipeza iwe. Ndipo zikachitika kuti watuluka kale n'kuona nyali kutsogolo, usaponde mafuta kuti umalize. Ponda buleki, bwerera kumbuyo kwa thiraki. Mpata uja ndati uzisiya ndi umene udzakulandire.

Zomwezi uzikumbukire ukakumana ndi utsi wa moto wa tchire m'chilimwe, fumbi la pamsewu wopatuka pomwe akukonza, kapena mvula yamphamvu pamene matayala a thiraki akukuthira madzi pagalasi.

Achemwali, ndikupempheni, mwanayu musamufulumizitse. Musamanene kuti tachedwa, anthu ayamba. Makilomita 20 kuyenda pa 40 m'malo mwa 80 mutaya mphindi 15 zokha. Kunena zoona ine ndikanakonda munyamuke cha m'ma 6, kuti muzifika pa Dedza dzuwa litakwera, chifunga chitayamba kubalalika. Ankhoswe ndiwaimbira ndine usiku uno kuwauza kuti mufika mochedwerako. Ana akhale kumbuyo, aliyense amange lamba. Mphwanga, ukafika pa Dedza uime pamalo abwino undiimbire, foni ndikhala nayo pafupi. Muyende bwino.