Lonjezo kapena pangano? Mayankho pa mawu a chikhulupiriro

Mayi wina wa Chigwirizano ku Mlanda, m'boma la Ntcheu, wafunsa kuti: "Ndapatsidwa mutu wa malonjezo a Mulungu kuti ndikaphunzitse anzanga. Kodi lonjezo ndi pangano n'chimodzimodzi? Kwathu kuno timangosinthanitsa."

Mayi, mawu awiriwa ndi osiyana, ndipo kusiyanako kuli m'aneni amene adawabala. Lonjezo lachokera ku kulonjeza. Wolonjeza ndi mmodzi, winayo amangomva n'kudikira. Pangano lachokera ku kupangana, ndipo kachidutswa ka -an- kali m'katimo ndi komwe kaja ka m'mawu oti kukondana, kumvana, kuthandizana. Kusukulu timati msintho wochitirana. Pangano limafuna mbali ziwiri.

Mlimi wa kachewere ku Lizulu akauza mwana wake kuti, "Ndikagulitsa matumbawa ndidzakugulira nsapato," walonjeza. Mlimi yemweyo akagwirizana ndi mwini ngolo kuti amunyamulire matumba khumi kufika nawo kumsika pa mtengo wakutiwakuti, apangana. Ngolo ikapanda kubwera, mwini wake waphwanya pangano. Nsapato zikapanda kugulidwa, bamboyo sadakwaniritse lonjezo. Aneni otsagana nawo ndi amenewo: lonjezo timalipereka, kulisunga ndi kulikwaniritsa, pangano timalichita, kulikhazikitsa, kulisunga kapena kuliphwanya.

Pophunzitsa, tsegulani Genesis 12, pomwe Mulungu akuuza Abramu kuti adzamusandutsa mtundu waukulu. Limenelo ndi lonjezo. Abramu adali ndi zaka 75, ndipo Isake adabadwa bambo wake ali ndi zaka 100, kutanthauza zaka 25 za kudikira. Mukafika pa Genesis 17 mupeza pangano, chifukwa Abramu, amene pano akutchedwa Abrahamu, nayenso wapatsidwa chake choti asunge, chomwe ndi mdulidwe. Wina adzakufunsani za Genesis 9, pomwe Nowa sadapemphedwe kulumbira kanthu koma utawaleza ukutchedwa chizindikiro cha pangano. Mumuyankhe kuti woyambitsa ndi Mulungu yekha, komabe panganolo lili pakati pa Iye ndi zamoyo zonse, choncho mbali ziwiri zija zilipobe. Chi- wa m'mawu oti Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano amangosonyeza kukula ndi kulemera kwa panganolo.

Samalaninso agwirizanitsi. Timati lonjezo lake, malonjezo ake, pangano lake, mapangano ake, chipangano chake. Ndipo munthu akalonjeza Mulungu kuti adzapereka chakutichakuti akachira, mawu ake enieni ndi chowinda. Makolo adaona kulemera kwa mawu otuluka pakamwa, n'chifukwa chake tili ndi mwambi woti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, wochokera pa nkhani ya Herode mu Marko 6.

Mphunzitsi wa Sande sukulu ku Linthipe akuti ana amamufunsa kusiyana kwa kukhulupirira ndi kudalira, komanso akufuna kudziwa ngati n'kolondola kunena kuti "ndimakhulupirira mwa Mulungu."

Aphunzitsi, kukhulupirira ndi kuvomera mumtima kuti chinthu n'choona kapena kuti munthu sanama. Kudalira ndi kutsamira, kuika katundu wako yense pa wina. Denga limadalira mzati. Munthu atha kukhulupirira kuti ulalo wamitengo ndi wolimba ali chiimire kutsidya, koma waudalira pokhapokha akapondapo ndi thumba la chimanga pamutu. Ana amamva msanga mukawapatsa chitsanzo chotere. Yakobo 2:19 amanena kuti ngakhale ziwanda zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, koma palibe anganene kuti zimamudalira.

Za "mwa" uja, langizo langa n'lakuti mumusiye. Mneni kukhulupirira amalandira pamtherankhani mwachindunji: ndimakhulupirira Mulungu, ndimamukhulupirira, khulupirirani Yesu. Kanthu kolowa pakatiko kamamveka ngati kumasulira liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi. Kafala kwambiri moti sikadabwitsanso khutu, koma simunganene kuti "ndimakhulupirira mwa amayi anga" kapena "ndimadalira mwa mvula." Pomwe "mwa" amakhala bwino ndi pamawu monga kukhala mwa Khristu ndi kukondwera mwa Ambuye, chifukwa pamenepo tikunena za m'kati.

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi kusokoneza wokhulupirira ndi wokhulupirika. Lembo limodzi lokha, koma tanthauzo latembenuka. Wokhulupirira ndi amene ali ndi chikhulupiriro. Wokhulupirika ndi amene ena angamukhulupirire chifukwa sasintha mawu. Mulungu ndi wokhulupirika, ife ndife okhulupirira amene tikuyesetsa kukhala okhulupirika. Mukalemba pa nsalu ya kwaya kuti "Mulungu ndi wokhulupirira," mwanena kuti Iye ali ndi wina womukhulupirira. Chimodzimodzi wodalira ndi wodalirika. Kalembedwe kake musavutike nako: r amabwera pambuyo pa i ndi e, l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba khulupirira, dalira, kwaniritsa, yembekezera.

Mnyamata wina wa ku Mtakataka wafunsa mwachidule ngati "pulani ya Mulungu" ndi Chichewa.

Achimwene, pulani ndi mawu obwereka amene akhazikika, ndipo pocheza palibe angakudzudzuleni. Koma pulani ili ndi kafungo kena: tikati "munthu uja ndi wamapulani" nthawi zambiri tikunena wochenjera mokayikitsa. Polemba kapena paguwa sankhani molingana ndi chimene mukutanthauza. Chifuniro ndi chimene Mulungu akufuna. Cholinga ndi kumene akulozera. Chikonzero ndi chimene wakonzeratu. Dongosolo ndi ndondomeko ya mmene zinthu zitsatanirane. Vesi lotchuka lija la Yeremiya 29:11, Buku Lopatulika la 1922 lidagwiritsa ntchito mawu oti malingiriro, omwe lero ambiri tingati maganizo. Mukaliwerenga kumbukiraninso vesi 10, lomwe likutchula zaka 70 za ku Babulo lonjezolo lisanakwaniritsidwe.

Apa pakubwera mneni wina wofunika kusamala naye, kuyembekezera. Chiyembekezo ndi mawu abwino, ndipo kuyembekezera Mulungu n'kudikira uli ndi chitsimikizo mumtima. Koma mukaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti "amayi awa ndi oyembekezera" osatchula chimene akuyembekezeracho, mwalengeza kuti ndi apakati. Tchulani chinthucho, monga "akuyembekezera yankho la pemphero lawo," kapena munene kuti ali ndi chiyembekezo.

Katekisiti wa ku Bembeke akufunsa chifukwa chimene ena amati "Mulungu wandithandiza" pomwe ena amati "Mulungu andithandiza," ndiponso kusiyana kwa akalola, atalola ndi akadalola.

Bambo, zonse ziwiri zoyambazo zimamveka. "Wandithandiza" akutsata galamala ya dzina la mmodzi, monga amachitira mabuku akale a mpingo. "Andithandiza" ndi ulemu womwe timapereka kwa akulu, ngati tikamati "agogo abwera." Vuto lake n'lakuti polemba "andithandiza" atha kutanthauza kuti wathandiza kale kapena athandiza posachedwa, popeza chosiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu komwe sitikalemba. Pa umboni wolembedwa "wandithandiza" sasiya chikaiko. Chachikulu n'kusasakaniza: mukayamba ndi "lonjezo lake," musadumphire ku "lonjezo lawo" m'ndime yomweyo. Popemphera ndi Inu nthawi zonse.

"Mulungu akalola" ndi mawu a munthu amene akuyembekezera kuti zichitika, monga Yakobo 4:15 amalangizira: Mulungu akalola tidzakolola mu Meyi. "Atalola" ali ndi kukayika pang'ono ndipo amayenda ndi -nga- kapena -tha: Mulungu atalola tingamange tchalitchi chaka chino. "Akadalola," kapena "akanalola" mmene ena amanenera, ndi za zimene sizidachitike: akadalola, malemuwa tikadakhala nawo lero. Choncho potsanzikana ndi wodwala kuchipatala nenani kuti "Mulungu akalola tionana mawa." Mukati "atalola," wodwalayo amva kuti inuyo mwayamba kale kutaya mtima.